Chofunda cha Zigamba

Novembala akangolowa, kuno ku Springburn kumayamba kuda msanga. Pofika Disembala dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, ndipo mphepo ya pa Balgrayhill imapeza njira ngakhale pansi pa chitseko. Amene munapitako ku Blantyre, ku Thyolo kapena ku Mulanje m'mwezi wa Juni kapena Julayi mukuchidziwa chiperoni: nkhungu m'mawa, kamvula kowaza tsiku lonse, kuzizira kolowa m'mafupa. Kusiyana kwake n'kwakuti chiperoni cha kwathu chimatha pakapita masiku ochepa. Cha kuno chimakhala ngati mlendo amene waiwala njira yobwerera kwawo.

Ndiye m'phunziro lino tikambirana za chofunda chimene inu mungasoke kunyumba, mothandizana ndi amayi, abambo, azakhali kapena wamkulu aliyense amene ali pafupi. Pa Chingerezi amachitcha rag quilt. Mawu akuti rag ndiye nsanza, koma ife sitinena kuti chofunda cha nsanza ayi. Pa Chichewa mawu amenewo amanyoza. Mukauza munthu kuti wavala nsanza, mwamutukwana. Tichitcha chofunda cha zigamba. Chigamba ndi kansalu kamene amasokerera pamene chovala chabooka kapena chang'ambika. Chikakhala chimodzi ndi chigamba, zikachuluka ndi zigamba, monga momwe timanenera chitenje ndi zitenje, chipewa ndi zipewa.

Tsopano tembenuzani pang'ono malaya mwavalawo, muone mkati mwake. Mzere umene nsalu ziwiri zakumana n'kusokedwa umatchedwa msoko. Ikachuluka ndi misoko. Telala aliyense amaphunzira kubisa misoko mkati kuti kunja kuoneke bwino. Chofunda chathuchi chimachita zosiyana. Misoko yake yonse timaitulutsira kunja mwadala, kenako timaichekacheka ndi sizasi, n'kuchapa. Chikauma, misoko ija imasanduka mphonje zofewa zozungulira chigamba chilichonse. N'chifukwa chake ndimati ndi ntchito yabwino kwa munthu wongoyamba kumene kusoka. Msoko ukakhota pang'ono, mphonje zimaphimba, palibe amene amadziwa.

Kwathu kansalu sikatayidwa

Mukadzapita ku Malawi, mukayang'ane pakhonde pa mashopu, kaya ndi ku Limbe, ku Zomba, ku Lilongwe kapena ku Mzuzu. Mudzapeza telala ali pamakina ake opalasa ndi mapazi, tepi yoyezera ili m'khosi. Pansi pa makinawo pamakhala mulu wa tinsalu totsala, koma sitikhalitsa pamenepo. Ana amatola kukaveka zidole zawo. Amayi ena amatidula timizere n'kutilowetsa m'thumba lakale la chimanga, likhale chopondera cha pakhomo. Telala mwiniyo amalumikiza tina kukhala chikwama kapena chipewa.

Ngakhale chitenje chimodzi chimagwira ntchito zambiri chisanathe. Chikakhala chatsopano chimapita kutchalitchi ndi kuukwati. Chikayamba kusuluka chimakhala chovala pophika ndi kumunda, chimabereka mwana kumbuyo, chimapindidwa kukhala nkhata yosenzera ndowa. Chikang'ambika, mbali yabwino imasanduka duku kapena chigamba, yotsalayo imakakolopa m'nyumba. Si ife tokha amene timatero. Ku Bangladesh ndi ku West Bengal amayi amasanjikiza nsalu zawo zakale n'kuzisoka pamodzi kukhala chofunda chotchedwa kantha. Ku Gee's Bend, kamudzi ka anthu akuda ku Alabama, amayi ankasoka zofunda kuchokera ku mabuluku akutha a amuna awo, ndipo lero zina mwa zofundazo zimapachikidwa m'nyumba zoonetsera zaluso.

Koma tibwerere kwa telala uja, chifukwa makina akewo mwina ndi anansi anu. Kampani ya ku America yotchedwa Singer inatsegula fakitale muno mu Glasgow mu 1867, kenako inamanga ina yaikulu ku Kilbowie, ku Clydebank, imene inatha kumangidwa mu 1885. Nthawi imeneyo panalibe fakitale ya makina osokera yoposa iyo padziko lonse. Inatsekedwa mu 1980, koma siteshoni ya sitima yotchedwa Singer ilipo mpaka lero. Makina opangidwa kumeneko amadziwika ndi chilembo K pambuyo pa nambala yake, monga 15K, 99K kapena 201K. K ameneyo akuimira Kilbowie. Ngati agogo kumudzi ali ndi makina akale akuda aja, apempheni pa WhatsApp ayang'ane ngati pali chilembocho kapena mawu akuti Great Britain. Mwina alipo, mwina ayi, pakuti makina ambiri amene atelala akugwiritsa ntchito masiku ano ndi ochokera ku China.

Nsalu yake

Nsalu yoyenera kwambiri pa ntchito imeneyi ndi flannel. Chenjerani ndi dzinali. Kuno ku Britain mukangonena dzinali, ena angakupatseni kathawulo kosambira kumaso. Pashopu ya nsalu nenani kuti brushed cotton, adzakumvani. Nsaluyi mukuidziwa kale: ndi ija ya zovala zogonera za m'nyengo yozizira, ya mashati amabokosimabokosi, ndi ya mashiti ofewa a pabedi. Kale inkapangidwa ndi ubweya wa nkhosa, makamaka ku Wales, kumene matauni a Newtown ndi Welshpool anatchuka nayo m'zaka za m'ma 1800. Masiku ano yambiri ndi ya thonje.

Nanga n'chifukwa chiyani imafunda chonchi, chikhalirecho ndi thonje lomwelo la chitenje? Akatha kuiluka kufakitale, amaidutsitsa pa zitsulo zozungulira zokhala ndi timawaya tating'ono kwambiri. Timawayato timakanda nsalu pamwamba mpaka timaubweya take titadzuka. Pakati pa timaubweyato pamakodwa mpweya. Chofunda pachokha sichitulutsa kutentha ayi. Kutentha kumachokera m'thupi mwanu, ndipo mpweya wokodwa uja ndi umene umakuletsa kuthawa. Munaiona nkhunda ya ku Springburn Park itafufumitsa nthenga m'mawa wa chisanu? Ikuchita zomwezo.

Za mphonje nazo zili ndi chifukwa chake. Nsalu yolukidwa ili ngati mkeka kapena lichero: ulusi wina ukupita m'litali, wina ukudutsa m'lifupi, pamwamba, pansi, pamwamba, pansi. Mukadula, ulusi wa m'mphepete ulibenso choukaniza, ndiye umayamba kutuluka. Flannel amailuka momasuka, choncho ulusi wake umatuluka wambiri, mofewa. Chitenje n'chopyapyala ndiponso cholukidwa mothina, mphonje zake zimatuluka zochepa. Ndiye ife tichita chonchi: chitenje pamwamba kuti maso asangalale, flannel pakati ndi pansi kuti thupi lifunde. Nsalu ya T-shirt ndi ya fleece musaziyese n'komwe. Kapangidwe kake n'kena, zimangopindika m'mphepete, mphonje sizituluka.

Chinanso, si chitenje chilichonse chimene chili cha thonje. Zambiri zotsika mtengo ndi za polyester, zoterera, zonyezimira pang'ono. Finyani nsalu m'dzanja kenako muisiye. Ya thonje imatsala ndi makwinya, ya polyester imabwerera mwakale. Akuluakulu amadziwanso njira ina, yotentha kaulusi kamodzi: thonje limanunkha ngati pepala lopsa n'kusiya phulusa, polyester imasungunuka n'kuuma ngati kamkanda. Imeneyo ndi ya akuluakulu okha, mwamva?

Flannel simusowa kugula yatsopano. Zovala zogonera zimene zakucheperani, shati ya abambo yothetheka pakolala, shiti yakale, zonsezo ndi nsalu. Zikachepa, pitani ndi amayi ku charity shop, amene ndi kaunjika wa kuno. Kwathu timati kaunjika chifukwa ogulitsa amaunjika zovala mulu pansi, wogula n'kumafukula yekha. Kuno amazipachika bwinobwino, koma fungo lake ndi lomwelo.

Safunsa anadya phula

Apa ndiye ndikufuna mumve bwino, chifukwa kulakwitsa kwina kulikonse pa ntchitoyi kumakonzeka, kupatula kumeneku.

M'nyumba zambiri za Amalawi kuno muli sutukesi, pansi pa bedi kapena pamwamba pa wadiropu, yodzaza ndi zitenje. Inu mukaziona mumangoti nsalu basi, zina zosuluka, zina zobooka. Kwa amayi si choncho. China anapatsidwa ndi agogo tsiku lonyamuka pa Chileka. China ndi cha ukwati wa azakhali, chimene abale onse anavala chofanana. China ndi cha mpingo, cholembedwa dzina la sinodi kapena la parishi. China anagula kuti akatumize kumudzi pa Tsiku la Anakubala, pa 15 Okutobala, koma wopita kumudzi sanapezeke. Ndipo china anavala pamaliro.

Ine ndinaphunzira zimenezi mochedwa. Chaka changa choyamba muno mu Glasgow ndinkakhala kwa achemwali anga. Tsiku lina iwo ali kuntchito ndinapeza chitenje chakale m'kabati, chosuluka mpaka maluwa ake osaonekanso bwino, chobooka pawiri. Ndinati chimenechi ndiye choyenera kudula, palibe angachifune. Ndinachichapa, n'kusita, n'kudula zigamba zokongola ndithu. Achemwali atabwera anaima pakhomo la chipinda, chikwama chili paphewa. Sanakalipe. Anangokhala pansi n'kutola chigamba chimodzi.

"Iwe, ukuchidziwa chitenje chimenechi?"

"Ayi, achemwali. Ndimayesa n'chakutha."

"Amayi anakuberekera chimenechi. Ndi ine ndemwe."

Amayi athu anali atamwalira zaka ziwiri m'mbuyomo, ndipo pa katundu wawo yense achemwali anatenga chitenje chokhacho. Msoko wolakwika umamasulidwa, koma nsalu yodulidwa sibwerera. Zigambazo tinaziika pakati penipeni pa chofunda, ndipo chofundacho chili pabedi pawo mpaka pano. Komabe sabata imeneyo m'nyumba munali zii, ndipo ine nsima sinkandikomera.

Akuluakulu amati safunsa anadya phula. Phula ndi zija njuchi zimamangira zisa zawo. Munthu amene sanafunse anatafuna zimenezo n'kusiya uchi. Ndiye funsani, ndipo funsani mwaulemu. Osati, "Ndipatseni chitenje ichi." Nenani kuti, "Amayi, ndimati ndifunse nawo. Kodi chitenje ichi chili ndi ntchito?" Akati, "Chisiye chimenecho," chisiyeni, osakangana. Akati, "Tenga, mwanangu," landirani ndi manja awiri, muthokoze. Kawirikawiri yankho silithera pamenepo. Amayi amachitambasula, n'kuseka, n'kuyamba kukuuzani kumene anachigula ndi amene anali naye tsikulo. Musathamangire sizasi. Khalani pansi mumve.

Kuyeza ndi kudula

Nsalu zonse zichapidwe kaye musanadule, zatsopano ndi zakale zomwe. Flannel imafupika ikachapidwa koyamba, ndipo chitenje chatsopano nthawi zina chimatulutsa utoto, choncho chichapeni pachokha. Zikauma, sitani kuti ziwongoke.

Tengani chikatoni cha phala la m'mawa, mudule chidutswa cha mbali zinayi zofanana, masentimita 20 mbali iliyonse. Chimenecho ndi chikombole chanu. Chiikeni pansalu, mujambule mozungulira ndi choko kapena pensulo, kenako mudule. Onetsetsani kuti mbali ya chikatoni ikutsata ulusi wa nsalu, osati chopingasa, apo ayi mphonje sizituluka bwino ndipo chigamba chimatanuka posoka. Pobooka ndi pothetheka pazilambalalidwa.

Tiwerengere limodzi. Tikufuna chofunda chokwanira munthu mmodzi ali pasofa: zigamba 6 m'lifupi, mizere 8 m'litali. Zonse pamodzi ndi 48. Koma chigamba chilichonse chili ndi nsalu zitatu zosanjikizana, ndiye tidula zidutswa 48 za chitenje, 48 za flannel ya pakati, ndi 48 za flannel ya pansi. Zimenezo ndi 144. Musaope, pang'onopang'ono ndi mtolo. Mukamadula 20 patsiku, sabata imodzi mwatsala pang'ono kumaliza.

Msoko uliwonse udzadya masentimita 2 mbali iliyonse ya chigamba. Pa 20 paja tikachotsa 2 uku ndi 2 uko, patsala 16. Ndiye zigamba 6 zipereka masentimita 96, kuphatikiza mphonje za m'mphepete, masentimita 100. Mizere 8 ipereka 128, ndi mphonje zake 132. Ngati mukugula nsalu, yotambalala masentimita 110 imatulutsa zidutswa 5 pamzere umodzi, choncho mamita 2 amapereka zidutswa 50. Onjezerani pang'ono chifukwa cha kufupika kuja. Za pamwamba siziyenera kuchokera m'chitenje chimodzi. Zitenje zinayi kapena zisanu zosiyana ndiye zimakongola, ndipo kwa ine chofunda chimene mitundu yake yagwirizana kwambiri chimaoneka ngati chogula kusitolo.

Kusoka

Tisanayatse makina, taonani mmene mawu amodzi amabalira ana. Kusoka ndi ntchito imene mukugwira. Mukapereka nsalu kwa telala, mwasoketsa. Chofunda chikatha, chasokedwa. Mukachita zimenezi chifukwa cha munthu wina, mwamusokera: "Ndasokera agogo chofunda." Koma samalani, chifukwa mukangoti "Ndasokera" n'kukhala chete, anthu adzaganiza kuti mwataya njira, adzayamba kukulozerani kokwerera basi.

Yambani ndi kusanjikiza. Flannel ya pansi muigoneke chafufumimba, mbali yake yofewa iyang'ane patebulo. Pamwamba pake ikani ya pakati. Pamwamba penipeni ikani chitenje, nkhope yake iyang'ane kwa inu. Gwirizitsani ndi mapini awiri, kenako sokani kuchokera pangodya ina kufika pangodya yopingasana nayo, n'kuchitanso chimodzimodzi mbali inayo. Patuluka chilembo X. Chilembo chimenechi ndicho chimaletsa nsalu zitatu zija kutererana pochapa. Iyi ndi ntchito yabwino kwa inu amene simunagwirepo makina, chifukwa ndi mzere wowongoka, ndipo muubwereza ka 96. Pofika chigamba chakhumi phazi lidzakhala litazolowera. Wamkulu akhale pambali panu, ndipo zala zizikhala kutali ndi singano.

Zonse 48 zikatha, ziyaleni pansi pabalaza monga mmene mukufunira kuti zidzaonekere. Sinthanisinthani mpaka mtima utakhutira. Chigamba chimene chili ndi nkhani yaikulu chiikeni pamene maso adzafikira msanga. Kenako jambulani ndi foni, chifukwa mng'ono wanu kapena mphaka akangodutsapo, dongosolo lonse labalalika.

Tsopano pobisalira njoka ndi apa. Tengani zigamba ziwiri zoyandikana. Zigundanitseni misana, ndiye kuti flannel ya pansi ikhudzane ndi flannel ya pansi inzake, zitenje ziyang'ane kunja mbali zonse ziwiri. Sokani masentimita 2 kuchokera m'mphepete. Mukatambasula, msoko uja uimirira pamwamba, kumbali ya chitenje, ndipo kunsi kukhala kosalala. Chodabwitsa n'chakuti amene amalakwitsa pamenepa si ana ayi, koma akuluakulu odziwa kusoka. Manja awo anazolowera kugundanitsa nkhope za nsalu kuti msoko ubisike, ndiye akangoyamba kucheza, manjawo amabwerera ku chizolowezi. Mukaona azakhali atembenuza, auzeni mwaulemu: "Pepani azakhali, msoko ukhale kunja."

Kuti masentimita 2 aja asamasinthesinthe, matani katepi pamakina pamtunda umenewo kuchokera pa singano, nsalu izitsata katepiko. Poyamba ndi pomaliza msoko uliwonse bwererani m'mbuyo pang'ono kuti ulusi usamasuke. Lumikizani zigamba 6 kukhala mzere umodzi, mpaka mizere 8 itakwana. Kenako lumikizani mizereyo, misana kugundana monga kale. Pamene misoko ikukumana, itambasuleni, mbali ina kumanja ina kumanzere, mubaye pini kuti ngodya zilingane. Pamalo amenewo nsalu zimachindikala kwambiri. Makina akayamba kubuula, musawakakamize. Siyani kuponda, muzungulize gudumu ndi dzanja mpaka mutadutsa. Singano yoyenera ndi ya nambala 90/14, ndipo khalani ndi ina yapadera, pakuti imodzi ithyoka ndithu. Pomaliza sokani mzere umodzi kuzungulira chofunda chonse, masentimita 2 kuchokera m'mphepete.

Kunyumba kulibe makina? Zimatheka ndi manja, koma chepetsani. Siyani flannel ya pakati, mukhale ndi nsalu ziwiri zokha, ndipo yambani ndi zigamba 16, zinayi m'lifupi zinayi m'litali, chofunda miyendo powerenga. Sokani mobwerera: singano ikatuluka kutsogolo, ibwezeni ilowe pamene ulusi wapitawo unathera, kenako itulukenso patsogolo. Msoko wotere ndi wolimba ngati wa makina.

Kucheka ndi kuchapa

Panopa chofunda chanu chikuoneka choipa. Misoko yaima mbali zonse ngati zipsepse za chambo, ndipo abambo akadutsa adzafunsa ngati mwachitembenuza. Asiyeni, aona okha.

Tengani sizasi yakuthwa, makamaka yaing'ono yakuthwa kunsonga. Chekani msoko uliwonse kuchokera m'mphepete kulowera ku ulusi umene munasoka, koma imani patatsala theka la sentimita. Siyani mpata wa sentimita imodzi, chekaninso. Muchite chonchi pamisoko yonse, ndi m'mphepete monse mozungulira. Pa chofunda cha zigamba 48 mudzacheka koposa ka 1,500. Ndikunena zoona, dzanja limapweteka, ndipo chala chachikulu chimatha kutuluka thuza. Musayese kumaliza tsiku limodzi. Gawanani mizere ndi abale anu, wina lero, wina mawa, mukumvera nyimbo kapena mukucheza. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Amene amathamanga ndi amene amadula ulusi wa msoko. Zikakuchitikirani, si mlandu, koma musabise. Bayani pini pamalopo, musokenso nthawi yomweyo, chifukwa mukasiya, pochapa padzatseguka chibowo cholowa dzanja.

Mukamaliza, tulukani nacho panja mukachikutumule kwambiri. Kenako chilowe m'makina ochapira, chokhachokha, popanda chovala china. Ulusi umene umatuluka pa kuchapa koyamba ndi wochuluka zedi, ungathe kutseka makina. Njira yabwino ndi kuchilowetsa m'chikuto chakale cha duvet n'kutseka kukamwa kwake, ulusi wonse utsalire m'menemo. Ngati muli ndi makina oumitsira, amathandiza mphonje kufufuma, koma wamkulu aziimitsa pafupipafupi n'kuchotsa ulusi pasefa, pakuti ulusi wouma ukaunjikana pamalo otentha umagwira moto. Ngati mulibe, yanikani pachingwe cha kuseri kwa nyumba kapena pa pulley ya kukhitchini, chikatsala pang'ono kuuma muchikutumulenso n'kutikita misoko ndi manja.

Kuchapa koyamba mphonje zimatuluka zili nyankhalala ngati tsitsi la munthu wongodzuka kumene. Dulani ulusi wautali umene wapotana. Pochapa kachiwiri ndi kachitatu ndi pamene zimapindika n'kukhala zofewa, zonenepa, mitundu ya nsalu zitatu zija itasakanikirana m'mizere. Mukaika flannel yofiira pakati, mzere uliwonse udzakhala ndi kufiira kumene sikuoneka pena paliponse.

Zinthu ziwiri zoti makolo amve, ndipo muwawerengere ndime ino mokweza. Chofunda chotere si cha khanda. Malangizo a zaumoyo kuno amati mwana wosakwana chaka chimodzi asagone ndi duvet, pilo kapena chofunda chochindikala, ndipo chathuchi chilinso ndi ulusi wothothoka. Chachiwiri, timaubweya ta flannel timagwira moto msanga, choncho chisayanikidwe pa hita yamagetsi kapena kuyandikira kandulo.

Ntchito ya kunyumba

Loweruka likudzali aliyense abwere ndi zidutswa zitatu za nsalu, masentimita 20 mbali iliyonse, zochapa ndi zosita. Chimodzi mwa zitatuzo chikhale cha chitenje chimene mwachita kupempha. Amene kwanu kulibe chitenje, shati yakale ya abambo kapena diresi ya amayi ndi yokwanira, bola ikhale ya thonje. M'kope mwanu lembani ziganizo zisanu m'Chichewa zoyankha mafunso awa: Nsaluyi inali ya yani? Inachokera kuti? Anaivala liti? Munapempha ndi mawu otani? Anakuyankhani chiyani? Yankho la funso lomalizali mulembe monga momwe linatulukira pakamwa pawo, ngakhale muli mawu amene simukuwadziwa. Tidzawamasulira limodzi. Makina ndi ulusi ndibweretsa ine, koma sizasi tili nazo ziwiri zokha, ndiye amene muli nayo kunyumba mupemphe makolo akunyamulireni.